Dzanja la Eulalia

"Ndipatseni makiyi a galimoto, bambo a Chema. Sindipemphanso."

Gumaro, mwamuna wanga, sanadzutse n'komwe mutu. Anapitiriza kukombeza nyemba m'mbale ndi chidutswa cha totiya, mkate wathu wopyapyala wa chimanga, makiyiwo akulendewera pa chingwe pachifuwa pake.

"Mukundimva kodi? Taonani chala cha mlongo wanu."

"Ndachiona."

"Mwachionera kuti? M'mbalemo?"

Eulalia, mlamu wanga, anali atakhala pa bedi kumapeto kwa kalavani yathu, kanyumba ka matayala komwe tinkagonamo, dzanja lamanja ataliviika m'kabeseni ka madzi a jiki. Chala chake cha mkombaphala chinali chitatupa ngati nthochi yakupsa, khungu likuchita kunyezimira. Nkhanu zamichira zomwe timabwerera kuno ku Louisiana kudzasenda zili ndi kaminga pamphuno, ndipo kamingako kanamulowa pansi pa chikhadabo sabata lake loyamba. Tonse timabayidwa. Tonse timaviika manja mu jiki madzulo, m'mawa n'kumanga tepi, ntchito n'kumapita. Ambiri timachira. Mwana uyu sankachira, ndipo aliyense wa maso ankaona.

"Chipatala cha kuno ukuchidziwa iwe?" anatero Gumaro akukankha mbale. "Ukangolowa amafunsa komwe umagwira, amafunsa mmene wavulalira. Mawa lake anthu a boma ali pa shedi, bwana Alcide ali thukuta kamukamu kuyankha mafunso. Za Chayo waiwala? Anapita ndi msana wake uja ku chipatala. Chaka chotsatira anaitanidwa ndani wa pakhomo pawo? Mkulu wake amene anamubweretsa, mwamuna wa mkulu wakeyo, ana awo, onse ali kumudzi ku Sinaloa mpaka lero, akuthyola tomato wa eni, dzuwa likuwawamba."

"Ndiye tidikire chalacho chithothoke chokha?"

"Eulalia ndinamuimira ndine, mayi a Chema. Ndinapita kwa amalume a Nicanor chipewa chili m'manja. Ndinati mlongo wangayu ndi wolimba, sadandaula, sathawa, akavuta mudule ine. Lamulo ukulidziwa bwino: wobwera naye akalakwa, amagwera limodzi ndi womuimira. Ine ndikagwa iwe wagwa, azing'ono anga awiri ku maiweko agwa. Chema ndi agogo ake adzadya chiyani kumudzi? Pakamwa pakopo?"

"Minda ya nkhanu ndi ya Alcide yekha? Kutsidya kwa msewuku akulira antchito."

"Tatsegula pasipoti yako uwerenge. Pa viza palembedwa dzina la ndani? Si la Amerika, si la Louisiana, ndi la Alcide. Akakutaya iyeyo wasanduka mbava, ngakhale oyandikana naye achite kukugwadira."

Zonsezo ndinkazidziwa, n'chifukwa chake zinandipsetsa mtima kwambiri. Akanandinamiza ndikanamutsutsa, koma zoona zonunkha chonchi zinangondipatsa chilakolako chomuswa mutu. Ndinatambasula dzanja n'kugwira chingwe cha makiyi chija.

Anandigwira mkono n'kuupotokola mpaka ndinagwada. Kenako anandikankhira ku chitofu. Poto wa khofi anagubuduka, khofi wotentha n'kundithira pa ntchafu.

"Achimwene, asiyeni alamu!" Eulalia analira akudzuka, madzi a jiki akumwazikira pansi. "Sichikupweteka chalachi. Ndithu sichikupweteka. Mawa ndigwira ntchito."

"Wamva?" anatero Gumaro akupumira m'mwamba. "Mwini chala akuti sichikupweteka. Iwe chikukupwetekera pati?"

Anatenga mbale ija n'kuimenyetsa kukhoma, phwa! Msuzi wotsala unayenderera pa chithunzi cha Amayi Maria. Gumaro atatuluka, Eulalia anagwada n'kuyamba kutola zidutswa za mbale ndi dzanja lamanzere, lamanja atalikweza m'mwamba chifukwa akalitsitsa linkagunda.

Chaka chimenechi maviza anatuluka mochedwa, ndipo anatuluka ochepa. Tinafika Lenti itayamba kale. Pa tebulo lachitsulo la mu shedi, pomwe kale tinkagundana zigongono, panali mipata yoti munthu n'kugonapo. Koma nkhanu palibe anaziuza zimenezo. Zinkatuluka m'maiwe matumba matumba, kuwiritsidwa, kukhuthulidwa patsogolo pathu zili psuu, nthunzi ili tolotolo. Upotokole mutu, utsine mchira, usolole kamtsempha kakuda, uponye mnofu m'mbale, utenge ina. Mulu ukati uchepe, akhuthulapo wina.

Bwana Alcide ankangozungulira, maso atafiira. Sindinena kuti munthu ameneyu ndi satana, satana amapezako nthawi yogona. Anali atalengeza ntchito m'tauni monse, ndipo a kuno omwe anabwera anagwira mpaka masana, n'kupita kokadya osabwereranso. Matumba ena nkhanu zinkafera momwemo zisanafike mu mphika, iye n'kuima pamenepo atagwira m'chiuno, akuyankhula yekha. Manja athu ankawafuna kuposa mmene ankafunira mkazi wake. Koma ankafuna manja okha. Za eni manjawo ankasiyira a Nicanor.

A Nicanor ndi amalume awo a Gumaro ndi Eulalia, komanso ndiwo kapitawo wathu. Ndi okhawo odziwa Chingerezi, ndipo ndi omwe amanong'oneza bwana za woyenera kuitanidwa chaka chamawa. M'mawa umenewo anamanga okha chala cha Eulalia ndi tepi, n'kumuveka magolovesi awiri.

"Ukaime kumapeto uko, pafupi ndi khoma," anatero. "Ndipo nkhope imeneyo uikonze. Kuno si kumaliro."

"Amalume, chikugunda mpaka m'khwapa."

"Chikugunda chifukwa uli moyo. Ine chala ichi chinatupapo kuposa pamenepo, ndinangokodzerapo, chinaphwa."

"N'chifukwa chake mumanunkha chonchi, a Nicanor?" anatero Petra, mnzanga woima naye limodzi, osadzutsa mutu. Tebulo lonse linafa nacho chiseko, koma kunali kuseka kothamanga, manja osaima.

Cha kumasana ndinaona Eulalia akusenda mano ali gwa, misozi ikugwera mu nkhanu. Bwana Alcide atadutsa kumbuyo kwathu, mutu wanga sunagwirenso. Ndinamukoka mwanayo, kumuvula magolovesi aja, kumatula tepi, n'kukweza dzanjalo pamaso pa mzunguyo. Kutupa kunali kutafika pa chikhatho.

Alcide anabwerera m'mbuyo. Anavula chipewa n'kuyamba kuyankhula ndi a Nicanor, mawu ambirimbiri, akuloza dzanja, akuloza kumsewu. A Nicanor ankangogwedeza mutu. Kenako anatembenukira kwa ife.

"Bwana akuti apite ku chipatala ikatha Pasaka."

"Mawu onse aja angotanthauza zimenezo?"

"Chingerezi n'chachitali, Rosenda. Bwerera pamalo pako."

Foni ya bwana inalira, lole ya ogula inali pa geti, ndipo anathamangira kunja. Chimene ananena tsiku limenelo sindichidziwa mpaka lero. Chimene ndikudziwa n'chakuti sanadzafunsenso za mwanayo.

Madzulo a Nicanor anabwera ku kalavani. Ndinawapatsa khofi poti ndinaleredwa bwino, ngakhale mtima unkafuna kulavuliramo. Sanandiyang'ane. Anayankhula ndi Gumaro ngati ine mulibe m'nyumbamo.

"Mphwanga, chaka chamawa bwana akadzandifunsa kuti Gumaro uja timuitanenso, ndidzayankha chiyani? Ndidzati ndi wantchito, koma kunyumba anamudyetsa khuzumule? Mkazi wako lero wandivula pamaso pa mzungu. Mawa aitana boma. Ine ndakhala ndikudyetsa mudzi wathu wonse ndi lilime langali. Denga la amayi ako linachokera kuti? Ndiye munthu mmodzi atigubuduzire mphika chifukwa cha chala?"

"Ndamva, amalume."

"Kumva kokha sikukwanira, mphwanga."

Atachoka, Gumaro anatseka chitseko n'kusolola lamba. Sanakalipe, ndipo zimenezo ndi zomwe zinandiopsa. Anandimenya ndi mbali ya chitsulo, pamsana, m'miyendo, kumaso, diso n'kutsekeka. Ine ndinamuluma pa mkono mpaka ndinalawa magazi, ndinamutukwana iye, amalume ake ndi nkhanu zonse za m'dziko lino. Foni yanga anaiponda ndi jombo mpaka inaphwanyika. Makalavani athu ndi oyandikana moti wina akayetsemula kwawo umamva uli pa bedi lako. Aliyense anamva. Wina anangokweza wailesi.

M'mawa mwake pa tebulo ndinanong'oneza Petra.

"Undibwereke foni, ndiitane ambulansi."

"Uyankhula nawo Chingerezi chake chiti? Ndipo ambulansi kuno imabwera ndi apolisi kumbuyo. Akadzafufuza, nambala ndi yanga."

"Petra, mwana akuwola."

"Ndili ndi ana anganso, mnzanga. Ndinabwera ndi mng'ono wanga chaka chino, ndamuimira ndine. Ndipemphe china chilichonse." Anasenda nkhanu zingapo, kenako anati, "Diso limenelo uikepo ayezi, ukuopsa nkhanu."

Lamulungu la Kanjedza tinapuma masana okha. Kamzera kofiira kanali katayamba kukwera pa mkono wa Eulalia, thupi lili juu, milomo itang'ambika. Ine ndinali kuseri ndikuchapa. Nditabwera kudzayanika ndinapeza bedi lili lokha, nsapato zake palibe.

Msewu wochoka pa makalavani ndi wamiyala, wowongoka, uku dziwe uku dziwe, wopanda mtengo woti munthu n'kubisalako. Tauni ili kutali. Ndinamuona patsogolo uko akudzandira, dzanja atalikumbatira pachifuwa. Ndisanayambe n'komwe kuthamanga, galimoto inandidutsa fumbi lili koboo, Gumaro akuyendetsa, a Nicanor ali pambali.

Ndinaona zonse ndili chiimire. Mwanayo atamva galimoto anayesa kuthamanga, anagwa, anadzuka, anagwanso. Gumaro anatsika n'kumugwira tsitsi. Anamukhwekhwereza pamiyalapo mpaka kumbuyo kwa galimoto, n'kumuponyamo ngati thumba. Pofika naye pakhomo, mawondo ake anali magazi okhaokha.

"Sindimathawa, amalume," ankatero. "Ndimangopita ku chipatala. Ndikanabwerera. Pali manda a bambo, ndikanabwerera."

"Wotuluka pa geti osatsanzika ndi wothawa," anatero a Nicanor. "Apolisi akanakupeza pamsewu ukanati chiyani? Ukudziwa kuti bwana akangoimba foni kuti wina wathawa, banja lonse laona msana wa njira?" Anatembenukira kwa Gumaro. "Mafinyawa ndi amene akumupengetsa. Atuluke lero. Katenge mpeni."

"Mpeni uti?" ndinafunsa.

Gumaro anapita ku galimoto n'kubwera ndi mpeni wake wodulira nsomba za nyambo, mamba akadali pa chigwiriro.

"Bambo a Chema, mwapenga? Mpeni wa nsomba zowola? Ameneyu ndi mlongo wanu wa bere limodzi!"

"Tiuwotcha pamoto. Kodi kumudzi chithupsa sititumbula tokha?"

"Ichi si chithupsa! Taonani mzerewo pomwe wafika!"

Anandinyamula m'chiuno n'kundiponya panja, chitseko n'kukhoma. Ndinamenya ndi zibakera, ndi mapazi. Ndinaitana azilamu anga, ndinaitana Petra, ndinaitana aliyense ndi dzina lake. Makatani a m'makalavani ankagwedezeka, koma zitseko zinali zii. Pambali pa masitepe panali mulu wa miono ya waya ndi zitsulo zake zozikira m'matope. Ndinasolola chitsulo chimodzi n'kuswa zenera.

Zomwe ndinaona pa zenera limenelo ndidzapita nazo kumanda. Eulalia anali chagada pansi. Gumaro anali atamugwadira pa mapewa, atapanikiza mkono wodwalawo pa kampando kathabwa, iyenso misozi ili chuchuchu. A Nicanor anachotsa mpeni pa moto wa gasi, anachita chizindikiro cha mtanda, n'kucheka kuyambira pa chala mpaka pakati pa chikhatho. Mafinya ndi magazi zinawazikira pa malaya awo. Kenako anatsegula botolo la jiki wosathira madzi n'kukhuthulira m'balamo.

Kulira kumene analira mwana uja sikunali kwa munthu. Akakowa onse a m'dziwe la pafupi anauluka.

"Pirira, mlongo wanga," Gumaro ankatero. "Ndikukuthandiza. Pirira, tikhala bwino tonse."

Ndinalowetsa mkono pa galasi losweka kuti ndifikire loko, galasi n'kundicheka, koma loko anali kutali. Pomwe ankatsegula chitseko n'kuti Eulalia atakomoka, a Nicanor akusamba m'manja ndi sopo wanga.

"Pofika Lachitatu akhala akusenda," anatero potuluka. "Za zenerali ukafotokoza wekha kwa bwana."

Sanasende Lachitatu. Sabata Loyera kuno ndi sabata la misala. Aliyense m'dziko lino amafuna nkhanu pa Lachisanu Loyera, ndipo ife tinkalowa mu shedi kusanache, n'kutuluka miyendo itatupa. Ndinkazemba nthawi ya nkhomaliro kukamumwetsa madzi ndi mapiritsi a mutu, n'kumusintha nsanza. Gumaro akachoka ku maiwe ankaima pakhomo, kununkhiza, n'kukagona m'galimoto. Makiyi sankawavula ngakhale posamba.

"Mawa lokha," anandiuza Lachinayi, osandiyang'ana. "Likadutsa la mawa ndimutenga ndekha."

Lachisanu m'mawa ndinamasula nsanza ija. Zala zinali bii, zozizira, ndipo fungo lake linali la chinthu chakufa. Eulalia anandiyang'ana n'kumwetulira.

"Amayi, mwabwera liti?" anatero. "Mwanditengera mango?"

Ndinamufunditsa. Epuloni sindinavale. Ndinatola chitsulo chija pomwe ndinachisiya, n'kulunjika ku maiwe.

Gumaro anali m'boti lake, akutsata mzere wa miono. Ntchito imeneyo amaidziwa, ndisamunamizire: boti osaima, dzanja ili lazula mono, lakhuthula, ilo laponyamo nyambo, mono wabwerera m'madzi, wina wafika kale. Ndinamudikira pa mtumbira wolekanitsa maiwe, pomwe amatsitsira matumba. Galimoto inali pomwepo, azing'ono ake awiri akusanjamo matumba. Atakocheza anandiona, anaona chitsulo, n'kupukuta manja pa thalauza.

"Shedi yatsekedwa lero, mayi a Chema?"

"Zala zada. Akunditchula amayi ake. Makiyi."

"Ndinati mawa."

"Mawa mukamutengera ku mochale."

"Ukudziwa kuti lero ndi tsiku lanji? Matumba awa akudikiridwa. Galimoto ya bwana ikachoka pano lero, atidya amoyo. Zaka zonse ndavutika m'matope muno, nyumba ya amayi ija, sukulu ya Chema, zonsezo uzitaye m'madzi chifukwa cha tsiku limodzi? Ganiza, mkazi iwe!"

"Ndaganiza kale. Ndaganiza Lenti yonse."

"Choka ndisanakuphe."

Anabwera atakunga chibakera. Choyamba chinandipeza pa diso lomwe lija, dziko n'kuzungulira. Chachiwiri sichinafike. Ndinazunguza chitsulo ndi manja awiri, chinamupeza pakati pa khosi ndi phewa, ndipo ndinamva fupa likuthyoka. Anagwada. Anandigwira siketi ndi dzanja linalo, ndinamumenyanso pa mkono, n'kumuponda pachifuwa. Anagwera chagada m'matope a m'mphepete, madzi akumulowa m'makutu.

Ndinalowa m'matopemo, kumukhalira pamimba, n'kukoka chingwe chija mpaka chinaduka. Mwamuna ameneyu ndinamukonda ndili mtsikana, koma pamenepo ndikanatha kumumiza osamva kanthu. Azing'ono ake anangoima, thumba lili m'manja. Sanathandize mkulu wawo, sanathandize ine, monga mwa masiku onse.

"Watipha, Rosenda," anatero Gumaro akulavula matope. "Watipha tonse."

"Mukadzuka mukandipeza ku chipatala."

Kumudzi ndinkayendetsa galimoto ya tomato, choncho chiwongolero sichinali chachilendo. Nditaima pa kalavani, Petra yekha ndi amene anatulukira, epuloni ili m'khosi, kudzandithandiza kunyamula Eulalia. Anamugoneka pa mpando, mutu pa ntchafu yanga, n'kuthamangira ku tebulo asanamusowe.

Njira yonse ya ku tauni kunali chisangalalo. Pabwalo lililonse chimphika chikuwira, matebulo aatali atayalidwa nyuzipepala, milu ya nkhanu ndi chimanga ndi mbatata pamwamba, ana akuthamangitsana, nyimbo zikulira. Anthu amenewo sindiwada, sankadziwa. Komabe ndinawatukwana onse, bwalo ndi bwalo, mpaka ndinafika.

Ku chipatala namwino atangomasula nsanza anaitana anzake mofuula. Anathamanga naye Eulalia pa kabedi ka matayala, zitseko n'kutsekeka. Ndinakhala pa benchi, matope akuuma m'miyendo, diso limodzi losaona. Kunja nkhanu za bwana zinkafa m'matumba kumbuyo kwa galimoto, ndipo sindinadzuke kukaziona.

Patapita nthawi anabwera adokotala ndi mayi wina womasulira, wobadwira kuno koma makolo ake a kwathu.

"Moyo akukhulupirira kuti aupulumutsa," anatero mayiyo. "Koma mkono adula m'munsi mwa chigongono. Adokotala akufunsa chifukwa chake mwachedwa chonchi. Akuti akanabwera chikadali chala chokha, akanangomupatsa mankhwala n'kubwerera kunyumba."

Ndinalira pamenepo, kulira kwa pamaliro, osasamala azungu odutsa. Mwana wosakwatiwa n'komwe, amene anabwera kuno akuimba m'basi njira yonse.

Eulalia anatsitsimuka Loweruka masana. Gumaro sanabwere, a Nicanor sanabwere. Mwanayo anayang'ana pomwe panali dzanja, bandeji yoyera yothera panjira, anayang'ana nthawi yaitali osalira. Ine mawu ndinali nditawakonza kale: shedi, jiki, msewu, mpeni wa nyambo, ndi mayina awo onse. Ndinkangodikira wondifunsa.

Womasulira uja analowanso ndi mayi wina wa mu ofesi ya chipatala, wa nkhope yachifundo. Anakoka mipando n'kukhala pafupi ndi bedi.

"Eulalia, usaope," anatero womasulirayo. "Adokotala aona kuti bala lija linachita kuchekedwa, ndipo mawondo ako ndi nkhope ya alamu akowa zikunena zambiri. Alipo anthu amene ntchito yawo ndi kuthandiza antchito obwera ngati inu. Tiuze, unavulalira kuntchito? Anakucheka ndani? Alipo anakuletsa kubwera kuno?"

Ndinatsegula pakamwa. Eulalia anandigwira malaya ndi dzanja lamanzere.

"Ndinadzicheka ndekha," anatero, mawu ali pansipansi koma osagwedera. "Ndimadula anyezi kunyumba. Kuntchito kulibe vuto. Abwana ndi abwino, amalume ndi abwino. Ndinachedwa ndekha, ndimaopa jakisoni."

"Eulalia!" ndinakuwa. "Wapenga? Atakuchita zonsezi?"

Anandikokera pafupi mpaka mpweya wake wotentha unandifika m'khutu.

"Alamu, tandiyang'anani. Ine viza sindidzaionanso. Tomato sindingathyole, tsitsi langa lomwe sindingamange. Tikakhala chete, amalume akhoza kukhululuka za galimoto ija. Tikayankhula, zatha. Achimwene akapanda kuitanidwa chaka chamawa, inu mukapanda kuitanidwa, adzandidyetsa ndani? Kale ndimaopera inu. Lero ndikudziopera ndekha. Dzanja lapita kale, alamu. Musandichotsenso chakudya pakamwa."

Kenako womasulirayo anatembenukira kwa ine.

"Mayi, inu munalipo. Ndi mmene zinakhalira?"

Ndinayang'ana bandeji ija. Chidani chimene ndinamva pamenepo, pa Alcide, pa a Nicanor, pa mwamuna wanga, pa aliyense amene anakhala mu ofesi n'kuganiza zomangirira munthu ku dzina la bwana mmodzi, chinali choti n'kuwotcha tauni yonse. Koma mwanayo anali asanandisiye malaya.

"Anyezi," ndinatero. "Amadula anyezi."